Mtengo wa oak wa mphako ndi ma chestnut asanu: lipoti la ntchito pa esiteti ina ku Herefordshire

Foni inabwera sabata lija la kutentha koopsa mu Julayi 2022, pamene ku Coningsby kunafika madigiri 40.3, chinthu chimene dziko la England linali lisanachionepo. Ankaimba anali a manijala a esiteti ina ku Herefordshire, chakufupi ndi malire a Wales. Dzina la malowo sinditchula, chifukwa mu lipotili muli zolakwa zawo, mulinso changa. Anati nthambi yaikulu ya mtengo wa oak yathyoka masanasana, popanda ndi kamphepo komwe, n'kugwera panjira imene alendo amadzera popita kudziwe. Palibe anavulala. Koma a inshuwalansi afunsa, ndipo iwo anali atagamula kale: mtengowo ndi wa mphako, unawola, ugwetsedwe. Kwa ine ankangofuna kalata yovomereza ndi kuchuluka kwa ndalama zogwetsera mtengowo.

Ntchito yanga ndi kuyeza ndi kusamalira mitengo. Ndinayamba ndi kukwera m'mwamba ndi zingwe ndi makina ochekera, pano nthawi zambiri ndimakhala pansi ndi tepi ndi kope. Kalata ija sindinalembe, ndipo chifukwa chake ndicho nkhani ya lipotili.

Malowo

Esitetiyi ili ndi paki imene kale inali yosungiramo agwape. Mapaki oterewa anachuluka ku England a Norman atalanda dzikolo mu 1066, ndipo ndi amene anapulumutsa mitengo yambiri yakale, chifukwa malo a agwape a mabwana sankalimidwa. Mitengo yake ankaidula pamwamba, poti ziweto sizingafikire mphukira, n'kumakolola nthambi zaka zingapo zilizonse. Mtengo wodulidwa motere umakhala wamfupi, wathunthu lonenepa, ndipo umakhalitsa kuposa unzake wosiyidwa kuti utalike. Katswiri wa zomera Aljos Farjon atawerenga mitengo ya oak yathunthu lalikulu kwambiri, anapeza kuti ku England ilipo yambiri kuposa m'mayiko ena onse a ku Ulaya kuphatikiza pamodzi. Owerenga Baibulo mtengo wa oak mumaudziwa ndi dzina lakuti thundu, uja Abisalomu anakodwamo mutu, ngakhale wa kuno ndi mtundu wina.

Chestnut si wa kuno. Kwawo ndi kumwera kwa Ulaya. Zipatso zake zimakhala m'chikhokhombe chaminga ngati kanungu, ndipo anthu amazikazinga pamakala nyengo yozizira. Kwa nthawi yaitali ankati anabwera nawo ndi Aroma, koma ofufuza a masiku ano atafunafuna umboni wake sanaupeze. Ku Croft Castle, m'dera lomweli la Herefordshire, kuli mzere wotchuka wa ma chestnut umene anthu amati unamera kuchokera ku njere za m'zombo zankhondo za Spain zimene zinabwera kudzaukira England mu 1588. Imeneyo ndi nkhani ya pakamwa, ndipo pafupifupi esiteti iliyonse yokhala ndi ma chestnut akale ili ndi yakeyake. Iyi inali ndi ma chestnut asanu otsala pa mzere wakale, chakumunsi kwa mtengo wa oak uja, pamtsetse wopita kudziwe. A manijala sanandiitanire amenewa. Anati ali bwinobwino.

Mtengo umene ankafuna kugwetsa

Ndinauyeza pamtunda wa mita 1.5 kuchokera pansi, monga amachitira a Woodland Trust, bungwe loteteza mitengo, polemba m'kaundula wawo wa mitengo yakale. Kuzungulira thunthu tepi inakwana mamita 8.2. Zaka zake sungaziwerenge ndi mizere ya m'kati, poti m'katimo mulibe. Timagwiritsa ntchito njira imene John White wa ku Forestry Commission, nthambi ya boma yoona za nkhalango, anasindikiza mu 1998, yoyerekeza kuchokera ku kukula kwa thunthu ndi malo amene mtengo wamera. Njirayi imangopereka chithunzithunzi, koma mtengo wa oak umayesedwa wakale ukapitirira zaka 400, ndipo uwu unazidutsa kalekale.

Mphako yake inali yoti anthu atatu n'kuima m'kati. Ndinalowamo ndi tochi. Pansi panali fumbi lofiirira, lofewa ngati fodya wopera, lonunkhira dothi la mvula yoyamba. M'makoma mtima wa mtengo unali utagawikagawika timabokosi tating'ono, touma, tophwanyika ukatifinya. Kumeneku ndi kuwola kofiira, ndipo kumabwera ndi mitundu ya bowa iwiri imene ndinaipeza pamtengopo: Laetiporus sulphureus, wachikasu wotuluka mosanjikizana, ndi zotsalira zouma za Fistulina hepatica, amene akakhala wamuwisi amaoneka ngati chiwindi cha ng'ombe. Bowa ameneyu amadya mtima wa mtengo, umene unafa kale. Gawo lamoyo, lonyamula madzi ndi chakudya, ndi la kunja, masentimita ochepa kuseri kwa khungwa. Aliyense amene anaonapo mlambe wa mphako ku Mangochi kapena ku Chikwawa ukuphuka chaka ndi chaka sangadabwe nazo, koma kuno anthu ambiri akaona bowo pamtengo amaona maliro.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri chinali mizu iwiri, yonenepa ngati mkono wanga, yotsika m'kati mwa mphako kuchokera pamwamba n'kulowa m'fumbi lija. Mtengowo unali kudya zowola zake zomwe.

Ndinagogoda thunthu lonse ndi nyundo ya pulasitiki, kumvetsera pamene pakulira ngati ng'oma ndi pamene pakulira molimba. Khoma lamoyo linali lokwanira mbali zitatu, lopyapyala mbali ya kumadzulo. Makina oyeza ndi mafunde a phokoso ndinali nawo m'galimoto, koma pamtengo woti ukhoza kulowamo n'kuona ndi maso, makinawo amangokuuza zimene waona kale. Chitoliro sichifooka chifukwa chakuti m'kati mulibe kanthu. Pa mphepo yamkuntho ya mu Okutobala 1987, imene inagwetsa mitengo pafupifupi 15 miliyoni, anthu a ntchito yathu anaona kuti mitengo yambiri yakale ya mphako, yaifupi, inatsala chilili pamene yaitali yathanzi inazuka.

Nthambi yothyokayo inali nkhani ina. Pothyokerapo panali poyera, popanda kuwola, patali ndithu ndi pamene nthambi imalumikizana ndi thunthu. Inali nthambi yaitali, yogona chopingasa, yolemera kunsonga. Izi zimachitika kuno nyengo yotentha: masana opanda mphepo, patapita masabata opanda mvula, nthambi yaikulu ya oak, beech kapena cedar imangoti phwa. Akatswiri amatsutsanabe za chimene chimachitika m'kati mwa thabwalo, koma mphako ya thunthu ilibe nazo mbali. Nthambi ina yofanana nayo inali idakali pamwamba pa njira.

Nsonga za pamwamba zinali zouma, zoyera ngati nyanga. Izinso zinkawaopsa a manijala. Koma mtengo wokalamba umadzichepetsa wokha: umasiya nthambi za pamwamba kuti zife, n'kuphukira m'munsi, kuti madzi asamayende ulendo wautali. Chimene chinandidetsa nkhawa ine ndi chakuti mphukira za m'munsizo zinali zochepa, masamba ake aang'ono, makamaka mbali ya kum'mawa. Ndiye ndinasiya kuyang'ana kumwamba.

Pansi

Mbali ya kum'mawa kunalibe udzu. Dothi linali gwa ngati bwalo lopunthira mapira, lodzaza mapazi a ng'ombe ouma. Apa ndi pamene ankaika chodyetsera ng'ombe chachitsulo nyengo yozizira, chifukwa pansi pa mtengo pamatchinga mphepo. Ng'ombe makumi angapo kuima malo amodzi miyezi inayi, m'matope, ndowe ndi mkodzo pomwepo. Chitsulo changa choyezera kulimba kwa dothi chinakana kulowa kupitirira chikhatho. Chapataliko pang'ono udzu unali ndi mizere ya matayala: pakakhala ukwati kapena chionetsero, magalimoto ankaimikidwa mumthunzi.

Mizu yambiri ya mtengo ili pamwamba, m'masentimita 60 oyambirira a dothi, ndipo imatambalala kupitirira pamene nthambi zalekezera. Imafuna mpweya. Dothi likatsenderezedwa timizu ting'onoting'ono timafa, pamodzi ndi bowa wa m'nthaka amene amakhala pa timizuto n'kumathandiza mtengo kupeza madzi ndi mchere. Ndowe zochuluka malo amodzi zimamupwetekanso bowa ameneyu. Muyezo wa BS 5837, umene omanga nyumba amatsatira, umateteza mizu mtunda wokwana kuchulukitsa ka 12 kukula kwa thunthu modutsa pakati, koma osapitirira mamita 15. Kwa mitengo yakale, malangizo a Natural England, bungwe la boma loona zachilengedwe, ndi Forestry Commission amati ka 15, kapena mamita 5 kupitirira pamene nthambi zalekezera, n'kutenga chachikulu pa ziwirizo. Thunthu lozungulira mamita 8.2 ndi mamita 2.6 modutsa pakati. Kuchulukitsa ka 15 ndi mamita 39 mbali zonse. Nditayenda mtunda umenewo ndi tepi, a manijala anangogwira m'chiuno. Njira, chodyetsera ndi poimika magalimoto zonse zinali m'kati.

Ma chestnut

Ndinatsikira kumeneko chifukwa chongofuna kuona, poti makungwa a chestnut wokalamba amapotana mozungulira thunthu ngati chingwe, ndipo sinditopa nawo. Atatu anali bwino. Awiri a kumunsi, ukawayang'ana uli pansi pake, thambo linkaoneka kwambiri kudutsa m'masamba, ndipo masambawo anali aang'ono, otuwira chikasu. Patsinde pa wina panali banga lakuda lonyowa, ngati wina wathirapo inki. Nditasenda kachidutswa ka khungwa ndi mpeni, m'kati munali mofiirira moderako, malire ake ndi mnofu wamoyo akuoneka ngati malawi okwera kuchokera kumizu.

Chimene chinandidabwitsa ndi chakuti paki yonse inali itauma ngati msipu wa mu Okutobala kwathu, koma pamenepa udzu unali wobiriwira, nsapato zikumira.

Amene anandimasulira ndi bambo wina wachikulire woyang'anira ng'ombe, amene wakhala pa esitetiyi kuyambira unyamata. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, madzi awa akuchokera kuti chilala chonsechi?" Anandilozera chomwera ng'ombe chakumtunda. Anati paipi yake yakhala ikudontha zaka zingapo, anazinena, koma poti madziwo ndi a pakasupe wa esiteti, palibe bilu imene inkabwera kuti wina adzidzimuke. Anawonjeza kuti ngalande zakale zadothi zokwiriridwa pansi pa mtsetsewo zinaphwanyika thirakitala yolemera itadutsapo.

Kachipangizo koyezera pamalo pomwepo kanaonetsa Phytophthora. Tinatumiza makungwa ndi dothi ku Forest Research, bungwe la boma lofufuza za mitengo, ku Alice Holt, ndipo anatsimikiza kuti ndi matenda a inki. Phytophthora amaoneka ngati nkhungu koma si bowa weniweni. Mbewu zake zimasambira m'madzi a m'dothi kufunafuna mizu. Dothi lonyowa ndi lofunda ndiye kwawo. Ndinayang'ananso zizindikiro za chiwawu cha chestnut, Cryphonectria parasitica, chimene chinapezeka koyamba ku Britain mu 2011 ndipo lamulo limati ukachiona unene, komanso zotupa za kamavu kotchedwa Dryocosmus kuriphilus kamene kanapezeka ku Kent mu 2015. Zonsezi kunalibe. Matenda a inki alibe mankhwala ochiritsiratu. Chimene ungachite ndi kuumitsa dothi ndi kuletsa matope kuyenda kuchokera pamtengo wodwala kupita pa wabwino.

Choncho mtengo umene anandiitanira unali wotopa chabe, pamene imene ankati ili bwino ndiyo inali kufa.

Kukambirana ndi zimene tinachita

A manijala sanali munthu wouma mtima. Mantha awo anali omveka: malamulo a Occupiers' Liability a 1957 ndi 1984 amaika udindo pa mwini malo ngati munthu wavulala. Koma lamulo limafuna kuti uchite zoyenera ndi zanzeru, silinena kuti ugwetse mtengo uliwonse wokhala ndi bowo. Bungwe la National Tree Safety Group linawerengera mu 2011 kuti mwayi woti munthu afe ndi mtengo wogwa ku Britain ndi pafupifupi mmodzi pa anthu 10 miliyoni pachaka. Ngozi imakhalapo pakakhala zinthu ziwiri: chogwa ndi chogweredwa. Ndinawauza kuti, "Bwana, mtengowu sitingausunthe, koma njirayi ndi miyala chabe."

Panalinso nkhani ya mileme. M'ming'alu ya nthambi zouma ndinaona zitosi zazing'ono zophwanyika ngati fumbi. Mileme yonse ku Britain ndi yotetezedwa ndi lamulo, ndipo kuwononga malo ake ogona ndi mlandu ngakhale ilibemo tsiku limenelo. Kugwetsa kukanafuna kafukufuku ndi chilolezo cha Natural England. Kunena zoona, mfundo iyi ndi imene inatembenuza mitima mofulumira kuposa zonse zimene ndinanena zokhudza mizu. Sizinandisangalatse kwenikweni, koma ndinalandira.

Tsiku lomwelo tinatseka njira ndi chingwe. Pofika Okutobala njira yatsopano inali itadutsa kunja kwa mamita 39 aja. Chodyetsera chinasamutsidwa, magalimoto anapatsidwa munda wina. Mpanda sitinathe kuumanga pa mamita 39 onse chifukwa msipu ukanachepa kwambiri. Tinagwirizana wocheperapo, wokulira mbali ya kum'mawa. Dothi lolimba lija tinalimasula ndi chida chopopera mpweya mwamphamvu, chimene chimaphwanya dothi osadula mizu, kenaka tinayala tizidutswa ta mitengo ya oak towolerana, tochindikala masentimita 10 osafika, osakhudza tsinde. Feteleza ayi.

Nthambi yachiwiri ija tinangoipungula kunsonga pang'ono, katswiri wa mileme atayamba waiyendera. Mtengo wokalamba sufuna kudulidwa kwambiri nthawi imodzi, chifukwa tsamba lililonse ndi chakudya chake. Yothyoka ija a manijala ankafuna aidule nkhuni. Tinaisiya pomwepo. Kuno kulibe chiswe, ndiye ntchito yowoletsa mitengo ndi ya bowa ndi zikumbu, ndipo zina mwa zikumbuzi sizikhala kwina kulikonse koma m'mitengo yakale. Ku Moccas Park, ku Herefordshire komweko, kuli kachikumbu kotchedwa Hypebaeus flavipes kamene kamadalira ma oak akale ochepa chabe. Kafukufuku wa mu 2019 anapeza zamoyo za mitundu pafupifupi 2,300 zogwiritsa ntchito mtengo wa oak ku Britain, ndipo zoposa 300 mwa izo sizingakhale popanda mtengowu.

Kwa ma chestnut tinakonza paipi, tinakumba ngalande yopatutsa madzi kumtunda, kutali ndi mizu, ndipo tinatchinga awiri odwalawo kuti ng'ombe ndi anthu asapondepo. Aliyense wogwira ntchito pamenepo ankatsuka nsapato ndi zida ndi mankhwala asanachoke.

Cholakwa changa

Poyendera paki yonse ndinapeza mtengo wina wa oak wakale, wocheperapo, utamizidwa m'nkhalango ya mitengo ya paini ndi ina yofanana nayo imene inadzalidwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, nthawi imene boma linkalimbikitsa matabwa. Oak amafuna dzuwa. Nthambi zake za m'munsi zinali zitafa ndi mthunzi, kunangotsala kachisoti ka masamba pamwamba. Chithandizo chake ndi kudula mitengo yowuzungulira, koma pang'onopang'ono, kwa zaka zingapo, kuti uzolowere kuwala ndi mphepo. Izi ndinkazidziwa ndipo ndinazilemba m'lipoti langa loyamba.

Koma chilolezo chodula mitengo chochokera ku Forestry Commission chitatuluka, poti ukapitirira makyubiki mita 5 pa miyezi itatu umafunika chilolezo, kontirakitala anati kubweretsa makina katatu n'kodula, bola amalize ulendo umodzi. A manijala anagwirizana naye. Ine ndinatsutsa pang'ono, kenaka ndinalola kuti mbali ya kumwera yonse itsegulidwe nthawi imodzi mu Febuluwale 2023. Ndinkaona ngati ndapambana kale nkhondo yaikulu ya mtengo woyamba, ndiye apa ndigonjeko. Juni wa chaka chimenecho anali wotentha kuposa Juni wina aliyense m'mbiri ya zoyeza nyengo ku Britain kufikira nthawi imeneyo. Khungwa limene linakhala mumthunzi zaka makumi ambiri linapsa mbali ya kumwera, linang'ambika, ndipo ndere ndi moss zimene zinali pathunthu zinauma n'kuyoyoka. Dothi la pansi pake linauma msanga. Pofika Ogasiti gawo lina la kachisoti kaja linali litafota. Mtengowo sunafe, koma wataya mbali imene sidzabwerera. Mbali ya kumpoto taisiya, ndipo tidzaitsegula mitengo iwiri kapena itatu pachaka.

Mmene zilili

Mtengo woyamba uja wayankha. Chaka chachiwiri mphukira zinatuluka pathunthu ndi panthambi za m'munsi mbali ya kum'mawa, masamba ake akulu bwino, ndipo ukafukula zoyala zija umapeza ulusi woyera wa bowa ndi nyongolotsi. Zaka ziwiri kapena zitatu n'zochepa kwambiri pa mtengo wa msinkhu uwu, choncho ndimangolemba zimene ndaona ndi kujambula zithunzi nditaima malo amodzimodzi Julayi aliyense.

Ma chestnut zinthu sizinayende chimodzimodzi. Mvula ya kumapeto kwa 2023 ndi kuchiyambi kwa 2024 inali yambiri zedi ku England, ndipo ngalande yathu inalephera kuumitsa mtsetsewo. Wa kumunsi kwenikweni unafa. Tinaupungula nthambi zoopsa n'kuusiya chilili, chifukwa kukoka chitsa ndi mizu yake kukanamwaza dothi la matenda paki yonse. Wachiwiri ukadali moyo, banga lake silinakule. Pa atatu abwino aja, wina wayamba kuonetsa masamba ochepa kunsonga, koma patsinde sipanatuluke kanthu ndipo kachipangizo sikanaonetse matenda.

Vuto lina limene lipoti langa linatchula, ndipo silingathe ndi kontirakitala, ndi lakuti m'pakiyi muli mitengo yokalamba kwambiri ndi ina yaing'ono, koma ya zaka zapakati mulibe. Zikumbu za m'mphako zikufuna kosamukira mitengo iyi ikadzatha. Tinatola njere pansi pa mtengo woyamba uja n'kuzifesa, ndipo mbande khumi ndi ziwiri tazidzala kunja kwa mthunzi wake, iliyonse m'khola lake lamatabwa chifukwa cha ng'ombe ndi agwape. Ziwiri akalulu anazidya makungwa atakumba pansi pa waya. Bambo oyang'anira ng'ombe aja ndi amene anaona, ndipo anakwirira wayayo okha ndisanafike. Chestnut wayamba kuchepa masamba uja ndikamuyezanso mu Seputembala, dothi likayamba kunyowa.